Oweta makorali, ndere za mu refugium zimafuna kukololedwa

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tifotokoze za kachipinda kamene oweta nsomba ndi makorali a m'madzi amchere amakatchula kuti refugium. Makorali ndi tizamoyo ta m'nyanja yamchere timene timakhala pa miyala, ndipo tambiri timamanga chigoba cholimba ngati mwala. Amalawi ambiri odziwa kusamala thanki ya galasi anaphunzirira pa mbuna za m'nyanja ya Malawi, ndipo ena mwa abale athu ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town amapatsidwa ntchito yosamala mathanki a madzi amchere m'nyumba za anthu, m'mahotela ndi m'masitolo ogulitsa ziweto. Luso la mbuna limathandiza koma silikwanira. Mbuna zimapirira madzi akada pang'ono, pamene makorali amayamba kufooka madzi akuonekabe oyera mbee. N'chifukwa chake ambiri akuthamangira refugium, ndipo akuchita bwino, kungoti ochuluka akuiika molakwika kenako n'kumati siigwira ntchito.

Vuto limayambira pa chakudya. Chilichonse chimene mwaponyera nsomba chimasanduka zonyansa, mabakiteriya a m'miyala n'kuzisandutsa ammonia, kenako nitrite, pomaliza nitrate. Chakudya chomwecho chimabweretsanso phosphate. M'nyanja yamchere momwe makorali amamera, zinthu ziwirizi zimakhala zochepa kwambiri, koma m'thanki zilibe kolowera, zimangounjikana. Zikachuluka, ndere zaubweya zimamera pa miyala n'kuphimba makorali, makorali owala amasanduka ofiirira, ndipo phosphate wambiri amasokoneza kapangidwe ka chigoba chawo. Mlingo umene oweta ambiri amafuna ndi nitrate wa 2 mpaka 10 ppm (magawo pa miliyoni imodzi) ndi phosphate wa 0.03 mpaka 0.10 ppm. Onani kuti sitinanene ziro. Tibwereranso pamenepa.

Refugium ndi chipinda chimene chimalandira madzi omwewo a m'thanki yaikulu, koma nsomba sizifikamo. M'menemo mumalima dala ndere zikuluzikulu kuti zidye nitrate ndi phosphate zisanadyedwe ndi ndere zosafunika za m'thanki yaikulu yoonetsa nsomba ndi makorali. Mumaswananso tizilombo ting'onoting'ono totchedwa copepods ndi amphipods, timene nsomba ndi makorali amadya. Maganizo otsuka madzi pogwiritsa ntchito ndere anawalimbikitsa kwambiri katswiri wina dzina lake Walter Adey wa ku Smithsonian Institution ku Washington, amene anasunga makorali amoyo mwa njira yotere cha m'ma 1980. Mfundo imene tikufuna imveke bwino ndi iyi: ndere sizifafaniza zonyansa, zimangozisunga m'thupi mwawo. Zili ngati mbewu m'munda, zimene zimatenga chonde m'nthaka, koma chondecho chimachoka m'mundamo pokhapokha mwakolola n'kututa. Mukapanda kuchotsako ndere, nitrate ndi phosphate zikadali m'madzi anu, zangosintha pokhala, ndipo tsiku limene nderezo zidzafe zidzabweza zonse nthawi imodzi.

Malo abwino oikapo refugium ndi mu sampu, thanki yachiwiri imene imakhala m'kabati pansi pa thanki yaikulu. Tiyeni titenge chitsanzo cha thanki ya masentimita 120 m'litali, 50 m'lifupi ndi 60 kutalika kwake, imene imalowa malita 360. Refugium yake isachepere gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi amenewa, ndipo ikafika magawo awiri ndi bwino koposa. Sampu ya masentimita 90 ndi 40 ndi 40 ikukwana. Igaweni motere: masentimita 25 oyamba akhale pogwera madzi ochokera pamwamba, pomwenso pakhale skimmer (makina ochotsa litsiro m'madzi pogwiritsa ntchito thovu), masentimita 40 otsatira akhale refugium, kenako pakhale magalasi atatu ogwira thovu, malo otsalawo akhale a pampu yobwezera madzi kumwamba. Madzi akakhala akuya masentimita 25, refugium imeneyi ili ndi malita 40. Skimmer ikhale patsogolo pa refugium, osati pambuyo, kuti iyambe yachotsa litsiro lalikulu komanso kuti isamayamwe tizilombo timene mukuweta. Ma skimmer ambiri amafuna madzi akuya masentimita 15 mpaka 20, choncho ikwezeni pa kathebulo kapulasitiki mpaka ifike pa mlingo umene opanga analemba. Tikudziwa kuti m'masitolo muli timabokosi topachika kumbuyo kwa thanki ta malita 5 kapena 8. Timathandiza kuweta copepods, koma pa thanki ya malita 360 sitingatsitse nitrate moti n'kuoneka pa chopimira.

Magalasi ogawa zipindawo akhale okhuthala mamilimita 6, odulidwa mochepera mamilimita 3 kapena 4 poyerekeza ndi m'lifupi mwa sampu m'kati, ndipo m'mphepete mwake mupalidwe kuti musacheke manja. Pa magalasi atatu ogwira thovu aja, loyamba ndi lomaliza amatidwe kuyambira pansi, lapakati likwezedwe masentimita 3 kuchokera pansi, ndipo pakati pa lililonse pakhale mpata wa masentimita 3. Madzi amadumpha loyamba, n'kudutsa pansi pa lachiwiri, n'kudumphanso lachitatu, thovu n'kuthera panjira. Thovu likalowa m'pampu limatuluka m'thanki yoonetsa ngati utsi, n'kumakakamira pa makorali. Pamwamba pa galasi lotulukira mu refugium ikanipo chisa chapulasitiki kapena kaneti, apo ayi ulusi wa ndere umakakulunga kachipangizo kozungulira ka m'pampu n'kuiimitsa usiku.

Samalani ndi silikoni. Wa m'bafa ndi wa m'khitchini amakhala ndi mankhwala opha nkhungu, ndipo mankhwala omwewo amapha makorali, nkhono ndi tizilombo tonse ta m'thanki. Gulani wolembedwa kuti ndi wa thanki ya nsomba. Pukutani galasi ndi spiriti musanamate, dikirani masiku osachepera awiri, koma sabata ndi yabwino, mpaka fungo la viniga lithe. Kenako dzazani madzi apampopi kwa tsiku lathunthu kuti muone ngati pali podontha. Musamate pulasitiki ya acrylic pa galasi mothinitsa: silikoni saigwira bwino, ndipo imafufuma ikamwa madzi mpaka kuswa galasi la sampu. Pa mapaipi gwiritsani ntchito PVC yokhayokha. Valavu kapena cholumikizira cha kopa kapena burasi chisakhudze madzi amenewa ngakhale pang'ono, chifukwa kopa ndi poizoni kwa makorali ndi zamoyo zonse zopanda msana.

Chimene chimasefukiritsa nyumba zambiri ndi kuzima kwa magetsi. Pampu ikaima, madzi a m'thanki yapamwamba amapitiriza kutsika mpaka atafika pansi pa timipata timene madzi amatayikira potsikira ku sampu, ndipo paipi yobwezera madzi imayamba kuwayamwa chobwerera mpaka kamwa lake litatulukira pamtunda. Werengerani musanadzaze. Pa thanki yathu ija, masentimita 120 kuchulukitsa ndi 50 kuchulukitsa ndi masentimita 3 a madzi otsika zikupereka malita 18, kuwonjezapo a m'mapaipi. Sampu ija ili ndi malo opanda kanthu a masentimita 15 pamwamba, amene ndi malita 54, choncho ikhoza kulandira. Koma ngati kamwa la paipi yobwezera lamira masentimita 12, madzi obwerera ndi malita 72, ndipo otsalawo athera pansi, pomwe pali mapulagi. Chitani ziwiri. Kamwa la paipi likhale masentimita awiri okha pansi pa madzi. Bowolaninso kabowo ka mamilimita 3 pa paipiyo, kangotsika pang'ono pansi pa mzere wa madzi, kuti madzi akatsika mpweya ulowe n'kudula kuyamwako. Kabowoka kamatsekeka ndi mchere, ndere ngakhale kankhono, choncho kazikatokosani mwezi uliwonse. Valavu yoletsa madzi kubwerera musaidalire, chifukwa kamchenga kamodzi kakakhala pa chitseko chake siitsekeka. Mukamaliza zonse zimitsani pampu dala, muime pomwepo mpaka madzi atasiya kutsika, mulembe mzere pa galasi la sampu posonyeza pamene simuyenera kudutsa podzaza.

Pa mayendedwe a madzi pali chiphunzitso chakale chakuti mu refugium madzi aziyenda mwakachetechete. Kwa ndere zimene ambiri amalima masiku ano chiphunzitsochi n'cholakwika. Madzi akamayenda pang'onopang'ono, ndere za kunja kwa mtolo zokha ndi zimene zimadya, za m'kati zimakwiririka ndi litsiro n'kuwola. Pampu yobwezera iziyendetsa madzi okwana katatu mpaka kasanu kuchuluka kwa thanki yaikulu pa ola, kutanthauza malita pafupifupi 1,100 mpaka 1,800 pa chitsanzo chathu. Nambala yolembedwa pa katoni musaikhulupirire, chifukwa anaipima pampu isakukweza madzi. Ikamawakweza mita imodzi ndi theka kudzera m'makona angapo, imataya gawo limodzi mwa atatu kapena kuposa. Pimani nokha: ndowa ya malita 10 ikadzaza m'masekondi 30, ndiye kuti ndi malita 1,200 pa ola. Ngati refugium mwaiika kumapeto kwa sampu n'kumaithira ndi kapaipi kopatuka, ipatseni malita 200 mpaka 400 pa ola, muwonjezemo kapampu kakang'ono kogubuduza nderezo. Valavu yochepetsa mphamvu ikhale kotulukira pampu, osati kolowera. Paipi yotsitsa madzi isatsamwitsidwe ndi valavu ngati mulibe paipi yachiwiri yapangozi.

Pansi pa refugium pakhale chiyani? Ife tikulangiza kuti pakhale galasi lokha, ndi timiyala tochepa tazibowo pakona imodzi pobisala copepods. Litsiro likagwa mumaliona, mumaliyamwa ndi paipi posintha madzi, basi. Ofuna mchenga asankhe chimodzi: wochepa kwambiri wosapitirira masentimita awiri, kapena wakuya masentimita 10 mpaka 15, wosalala, wa aragonite. Mchenga wakuyawo umakhala ndi mabakiteriya a pansi popanda mpweya amene amasandutsa nitrate kukhala mpweya wa nitrogen, koma ukakhazikika suyenera kuvundulidwa. Mukaona mabala akuda pansi pake kudzera pa galasi, dziwani kuti muli hydrogen sulfide, mpweya wonunkha mazira owola umene ungaphe nsomba ukatuluka wambiri nthawi imodzi. Mchenga wa masentimita 4 kapena 6 ndi woipitsitsa: umasunga litsiro koma sukuya mokwanira kuti ugwire ntchito ina ija. Mchenga wakumtsinje kapena womangira nyumba usalowe, chifukwa umabwera ndi dothi, zitsulo ndi zina zimene simungazipime.

Pa ndere, yambani ndi Chaetomorpha, imene oweta amangoti chaeto. Ndi ulusi wobiriwira, wolimba, wopiringizana, umene sumera mizu pa mwala kapena pa galasi, ndiye kuti suvuta kuchotsa. Yathanzi imakhala yobiriwira moderako, mukaifinya imabwerera, ndipo getsi likayaka imagwira timathovu ta okosijeni n'kuyandama. Gracilaria yofiira ndi Ulva ya masamba opyapyala nazo ndi zabwino, ndipo nsomba zodya ndere monga ma tang zimazikonda, koma kumbukirani kuti mukazidyetsa nsomba zonyansa zija zabwerera m'madzi. Caulerpa imakula msanga zedi, n'chifukwa chake ena amaikonda, koma ife sitiilimbikitsa. Ikapanikizika kapena kukalamba imatulutsa zonse za m'thupi mwake usiku umodzi pofuna kuswana. M'mawa mumapeza mitsitsi yoyera yopanda kanthu, madzi ali mbuu, nsomba zikupumira pamwamba chifukwa okosijeni watha. Kachidutswa kake kakafika m'thanki yoonetsa kamazika mizu m'mwala moti simungakathetse. Halimeda imamwa calcium ndi alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) zimene makorali akufuna. Mitengo ya mangrove ndi yokongola koma imakula pang'onopang'ono, ndipo zimene imachotsa m'madzi ndi zochepa kwambiri. Ndere zilizonse zimene mwagula kapena kupatsidwa, ziyaleni m'beseni loyera la madzi amchere pansi pa getsi lowala, muziyang'ane bwino. Mukusaka tizilombo tofiirira tamanjamanja ta Aiptasia, nyongolotsi zafulati ndi ndere zanthenga za Bryopsis. Zitatuzi zikalowa, mudzalimbana nazo miyezi.

Musafulumire kuika ndere m'thanki yatsopano. Dikirani mpaka ammonia ndi nitrite zitafika pa ziro, nsomba zitalowa ndipo zikudya, nitrate atafika pa 5 ppm kapena kuposa, phosphate akuoneka pa chopimira. Chaeto yoikidwa m'madzi opanda chakudya imafa ndi njala m'masabata awiri kapena atatu. Mtolo wodzaza manja awiri ukukwana poyambira mu malita 40. Madzi owonjezera podzaza sampu akhale ofanana ndi a m'thanki: mchere wa magalamu 35 pa kilogalamu imodzi ya madzi ngati a m'nyanja, umene pa chopimira mchere cha refractometer umawerengeka 35 ppt kapena 1.026, ndi kutentha kwa madigiri 24 mpaka 26. Ku Malawi kulibe nyanja yamchere, choncho madzi ngosakaniza basi, ndipo mchere wa m'khitchini sugwira ntchitoyi chifukwa ulibe magnesium, calcium ndi zina zofunika. Pamafunika mchere wopangira mathanki otere, wosungunulidwa m'mgolo wapadera ndi kapampu kwa usiku wonse, m'madzi osefedwa ndi makina a RO/DI, amene amachotsa zosungunuka m'madzi. Madzi apampopi ndi a pachitsime amabwera ndi phosphate, nitrate ndi silicate, ndiye kuti refugium izikhalira kutsuka zimene mukuthiramo nokha. Madzi ouluka ndi kutentha amaonekera m'chipinda cha pampu. Bwezerani ndi madzi osefedwa opanda mchere tsiku lililonse, chifukwa mchere suuluka.

Getsi ndi limene limapangitsa refugium kugwira ntchito kapena kulephera. Ndere za mu sampu zikupikisana ndi ndere za m'thanki yoonetsa, zimene zili pansi pa magetsi amphamvu a makorali. Mukaikapo kababu kofooka, zopambana ndi za pamwamba zija. Pa malita 40 ikani getsi la LED la mawati 20 mpaka 40, lolimira mbewu lokhala ndi kuwala kofiira kwa 660 nm ndi kwabuluu kwa 450 nm, kapena loyera la 5,000 mpaka 6,500 K. Likhale masentimita 15 mpaka 25 pamwamba pa madzi, lomangidwa bwino kuti lisagwere m'madzi, lotetezedwa ku nthunzi yamchere. Sabata yoyamba liyake maola 6 mpaka 8 okha, chifukwa ndere zochokera mumdima wa paulendo zimapsa n'kuyera. Wonjezerani ola limodzi kapena awiri sabata iliyonse mpaka maola 12. Liikeni pa timer kuti liziyaka usiku pamene magetsi a thanki yaikulu azima. Chifukwa chake n'chakuti mumdima nsomba, makorali ndi mabakiteriya onse amatulutsa carbon dioxide, pH n'kutsika ndi 0.2 kapena 0.3 pofika mbandakucha, kutanthauza kuti asidi wachuluka m'madzi. Ndere zikamagwira ntchito nthawi imeneyo zimamwa mpweyawo n'kutulutsa okosijeni, pH n'kukhala pakati pa 7.9 ndi 8.3 osagwedezeka kwambiri. Tchingani kuwala kuti kusafike pa skimmer ndi pa pampu poika pepala lakuda lapulasitiki kunja kwa magalasi ogawa aja, apo ayi ndere zimamera m'kati mwa skimmer n'kuifooketsa.

Tsopano kukolola. Chaeto yosangalala imatha kuwirikiza m'masabata awiri kapena atatu. Ikadzaza chipinda moti siikutembenukanso, ya pamwamba imatchinga kuwala, ya pansi imayamba kufa, ndipo kukula kumaima. Apa mpamene anthu ambiri amanyengedwa: amaona mtolo waukulu wobiriwira n'kumati zonse zili bwino, pomwe nitrate wayambanso kukwera. Masabata awiri kapena anayi aliwonse chotsani gawo limodzi mwa atatu, kapena theka ngati yadzaza kwambiri. Tengani madzi a m'thanki m'ndowa, mugwedezeremo zimene mwachotsazo kuti copepods ndi amphipods zigwe, musefe ndi kaneti n'kuzibwezera, madzi akudawo mutaye. Zotsalazo zimasuleni ndi zala kuti madzi adutse, muzitembenuze za pansi zikhale pamwamba. Ngati mulibe kapampu kogubuduza, kutembenuzaku kuchitike masiku awiri kapena atatu aliwonse. Ndi bwinonso kufinya zokololazo n'kuzipima pa sikelo ya m'khitchini, n'kulemba m'kope pamodzi ndi nitrate ndi phosphate wa sabata imeneyo. Kope limenelo ndi limene lidzakuuzani ngati refugium ikukwanira, makamaka inu amene mukusamala thanki ya munthu wina ndipo muyenera kufotokoza chimene chikuchitika.

Chaeto ikamatuwa, n'kumathothoka tizidutswatizidutswa, pimani madzi musanasinthe china chilichonse. Ngati nitrate kapena phosphate wafika pa ziro, ndi njala. Chepetsani maola a getsi kufika pa 8, chotsani ndere zambiri, wonjezerani chakudya cha nsomba, ndipo ngati mukugwiritsanso ntchito mankhwala oyamwa phosphate a GFO kapena mukuthira carbon wodyetsa mabakiteriya, siyani chimodzi. Njira zitatu zonse pamodzi zimakokolola madzi mopitirira. Ziro ndi woopsa: makorali amatuwa n'kusiya kukula, ndipo pamabuka ma dinoflagellates, utoto wofiirira wotelera wokhala ndi timathovu umene umakuta mchenga masana n'kuchepa usiku. Mitundu ina ili ndi poizoni wopha nkhono. Koma ngati nitrate ndi phosphate zilipo zokwanira, getsi lili bwino, madzi akuyenda, chaeto n'kumatuwabe, kawirikawiri chasowa ndi iron. Ndere zimamwa iron ndi manganese msanga. Kusintha madzi okwana gawo limodzi mwa magawo 10 sabata iliyonse kumabwezeretsa zina, ndipo pali iron wamadzi wopangira mathanki a makorali. Yambani ndi theka la mlingo wolembedwa pa botolo. Mukaona chinsalu chofiira chotelera cha cyanobacteria chikukuta ndere, ndiye kuti madzi aima ndipo litsiro launjikana. Chiyamweni ndi paipi, muwonjezere kayendedwe ka madzi. Ndere zaubweya zikamera pa magalasi a refugium musade nkhawa. Nazonso zikudya zomwezo, zipaleni pokolola.

Za copepods tinene mwachidule. Mu refugium musaikemo nsomba, nkhanu kapena shirimpi, ngakhale yovuta imene mwaichotsa pamwamba, chifukwa imamaliza tizilombo tonse. Mitundu yogulitsidwa kwambiri ndi Tisbe, Tigriopus ndi Apocyclops. Thirani tizilomboti usiku, skimmer ndi pampu zitazimitsidwa kwa theka la ola kuti tipeze pobisala. Madzi obiriwira a phytoplankton (tindere ting'onoting'ono toyandama m'madzi) pang'ono kawiri pa sabata amathandiza kuti tiswane. Pakatha mwezi unikani ndi tochi pa galasi usiku, mudzaona timadontho toyera tikudumphadumpha. Tambiri timadutsa m'pampu tili tamoyo, choncho musavutike kufuna kuika refugium pamwamba pa thanki. Nsomba yokongola ija ya mandarin, Synchiropus splendidus, imadya tizilombo timeneti tsiku lonse ndipo zambiri zimafa ndi njala m'mathanki atsopano. Musaigule mpaka thanki ndi refugium zitatha miyezi 6 kapena kuposa.

Kumene magetsi amazimazima pali ngozi imene ambiri saiganizira. Mumdima ndere nazo zimamwa okosijeni. Mtolo waukulu wa chaeto m'madzi oima kwa maola ambiri umatha mpweya wa mu sampu, ndipo magetsi akabwera pampu imakankhira madzi amenewo kwa nsomba. Khalani ndi kapampu ka mpweya ka mabatire ka thanki yaikulu, ndi kena ka refugium. Ngati muli ndi inverter, choyamba kulumikiza ndi pampu yovundula madzi m'thanki yoonetsa, chachiwiri pampu yobwezera. Magetsi owunikira akhoza kudikira. Magetsi akazima kupitirira tsiku, nunkhizani sampu musanayatse pampu. Ngati ikununkha zowola, tayani madzi ake, muthire atsopano. Nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala kabati yotseka yokhala ndi getsi ndi pampu imatenthetsa madzi, ndipo makorali amayamba kuyera madzi akakhalitsa pamwamba pa madigiri 29. Bowolani kabati kumbuyo, muike kafani kouzira pamwamba pa madzi a sampu, mukonzekere kubwezera madzi ambiri ouluka. Hita ikhale m'chipinda chimene madzi satsika, osati cha pampu. Mapulagi onse akhale m'mwamba, kutali ndi madontho, nthambo iliyonse itsike kaye pansi pa soketi isanakwere kuti madzi otsetsereka adonthere pansi, ndipo nyumba ikhale ndi chozimitsa magetsi cha earth leakage chogwira ntchito. Madzi amchere amadutsitsa magetsi kwambiri kuposa madzi wamba.

Chomaliza ndi kataidwe ka zokolola, ndipo tikupempha makamaka okhala m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja yamchere monga Durban, Cape Town, Beira ndi Nacala kuti amve. Mu 1984 kachigawo kakang'ono ka Caulerpa taxifolia, mtundu umene unkawetedwa m'mathanki, kanaoneka m'nyanja pansi pa Oceanographic Museum ya ku Monaco. M'zaka zotsatira inafalikira m'magombe a maiko angapo a nyanja ya Mediterranean, n'kuphimba udzu wa pansi pa nyanja. Mu 2000 inapezekanso ku Agua Hedionda Lagoon ku California, ndipo panatenga zaka 6 ndi ndalama zambiri kuti aithetse. Amene anaona mmene namasupuni anadzazira mumtsinje wa Shire akudziwa zimene chomera chobwera chingachite. Ndere zokolola, za mtundu uliwonse, zisatayidwe m'ngalande, m'chimbudzi chamadzi kapena pagombe. Ziikeni m'jumbo, zigone m'firiji yowumitsa kwa tsiku lathunthu kapena ziume gwa padzuwa, kenako zipite m'bini. Madzi ogwedezeramo ndere aja asefedwe asanatayidwe. Komanso musakatole nokha ndere, miyala kapena makorali pagombe kuti mudzaze refugium. Ku South Africa kutenga zamoyo za m'nyanja kumafuna chilolezo pansi pa lamulo la Marine Living Resources Act la 1998, ndipo makorali a chigoba cholimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo zakuthengo pakati pa maiko, limene Malawi nayo inasaina, kotero sadutsa malire popanda zikalata. Funsani wogulitsa kumene katundu wake wachokera musanalipire.

Ife anu,
Oweta nsomba ndi makorali a m'madzi amchere,
Johannesburg